Batire la lithium m'veni yogonamo: kodi alternator ipirira?

MwanaWaThyolo:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi veni ya Toyota Quantum ya dizilo 2.5, yakale ndithu, yopanda mipando kumbuyo. Ndaikamo bedi, kasinki, fuliji ya malita 60, magetsi a LED ndi potchajira mafoni. Cholinga n'choti mu December tipite kumudzi ndi banja kudzera ku Beitbridge ndi ku Tete, kenako tikazungulire kunyanja tikugona m'galimoto momwemo. Ndagula batire la lithium la mtundu wa LiFePO4 la 200Ah. Mutu waima pa katchajidwe kake poyenda. M'galimotomu munali kale solenoid, switchi yolumikiza mabatire awiri injini ikayaka, imene mwini wake woyamba ankatchajira batire lachiwiri la lead. Wokonza magetsi a galimoto wina ku Jules Street mu Joni muno akuti ndingolumikiza lithium pompo, palibe vuto. Wina akuti ndikatero alternator, chida chopanga magetsi injini ikamayaka, ipsa, ndigule tchaja ya DC-DC, yoikidwa pakati pa batire loyatsira injini ndi lithium. Tchajayo ndi masauzande angapo a marandi, ndipo thumba lapepuka kale ndi batire lija. Akunena zoona ndani?

Mtchona_Randburg:
Gulani DC-DC achimwene. Alternator ikakupserani ku Tete mudzalipira koposa pamenepo.

DalaivalaWaN1:
Ayi, anthu amangoopsezana. Ine pa bakkie yanga ndili ndi lithium ya 100Ah pa solenoid wamba, ndipo ndimayenda nayo Joni–Musina pafupipafupi. Alternator ndi yomwe ija, sinadandaulepo. Ogulitsa akufuna ndalama zanu basi.

MakanikaWaBooysens:
Achimwene a ku Thyolo, ndilongosole bwinobwino chifukwa ma alternator opsa motere ndimawagwira ndi manja angawa.

Batire la lead likamatchajidwa limakana lokha. Poyamba limakoka magetsi ambiri, koma pakangopita mphindi zochepa mavolti ake amakwera ndipo ma amp amatsika. N'chifukwa chake solenoid ija inkagwira ntchito zaka zonsezo popanda ngozi. Lithium siitero. M'kati mwake mulibe chotchinga magetsi kwenikweni, ndipo mavolti ake amangokhala cha pa 13 mpaka 13.4 kuyambira litatsala pang'ono kutha mpaka litatsala pang'ono kudzaza. Lili ngati mchenga wa m'chilimwe, madzi onse amene mwathira umangomwa. Ndiye alternator imagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse, osati kwa mphindi zisanu koma kwa maola awiri kapena atatu. Opanga galimoto sanaipangire zimenezo.

Chachiwiri, chimene chimaziziritsa alternator ndi kafani kamene kali pa shafti yake yomwe. Injini ikathamanga, kafani kamathamanga. Injini ikangolira pamalo amodzi, kafani kamapita pang'onopang'ono, koma batire likukokabe. Pa ma alternator ena a Bosch mudzaona manambala awiri, mwachitsanzo 70/120A. Yoyambayo ndi imene imatulutsa ikamazungulira maulendo 1800 pa mphindi, yachiwiriyo pa 6000. Ndiye 120 imene anthu amanyadira ija imapezeka pa msewu waukulu, osati pa maloboti.

Choncho alternator siipsera pa N1 mukuthamanga 110. Imapsera mu Joni muno, pa M1 nthawi ya 5 koloko madzulo, kapena pa Gillooly's magalimoto atathithikana, aircon ili yoyatsa. Inu mukupita ku Beitbridge mu December. Mzere wa kumeneko mukuudziwa.

DalaivalaWaN1:
Bwana makanika, nanga ine mzere wa pa boda sindiudziwa? Bwanji yanga sinapse?

GogoWaMagetsi:
A Dalaivala, tandiuzeni zinthu zitatu. Waya wanu ndi wonenepa bwanji, ndi wautali bwanji, ndipo pa denga muli ndi sola?

DalaivalaWaN1:
16mm², kuchokera ku boneti mpaka kumbuyo mwina mamita asanu ndi limodzi, wofiira ndi wakuda womwe. Sola ilipo ya 160W. Ndinayezapo ndi clamp meter, kamita kopanira pa waya koyezera ma amp, imayamba cha m'ma 50A kenako n'kumatsika.

GogoWaMagetsi:
Eya, yankho lili pomwepo, ndipo inu simukunama. Tiyeni tiwerengere limodzi. Waya wa kopa wa 16mm², mamita 12 kupita ndi kubwera, amatchinga magetsi ndi ma ohm pafupifupi 0.013. Muonjezepo solenoid, mafyuzi, polumikizira ndi batire lenilenilo, mufika cha pa 0.02 kapena kupitirira pang'ono. Alternator ikupereka 14.2V, batire lili pa 13.1V, kusiyana ndi volti imodzi ndi kakuti. Mukagawa mupeza ma amp 50 omwe mwanenawo. Ndiye chimene chikuteteza alternator yanu ndi wayayo. Kuphatikiza apo batire lanu ndi laling'ono, ndipo sola imalisunga lokhuta, moti kukoka kwambiri kuja kumatha msanga.

Tsopano taonani za mnzathuyu. Batire lake ndi la 200Ah, ndipo m'veni mtunda wa pakati pa mabatire awiri ukhoza kukhala waufupi. Wokonza wina wachifundo akamuikira waya wonenepa wa 35mm² wa mamita atatu, poganiza kuti akumuchitira zabwino, chotchinga chija chimatsika ndi theka ndipo batire lidzafuna ma amp 100. Waya wabwino ndiye amene apha alternator. Ichi n'chimene chimasokoneza anthu ozolowera lead.

Ine sindikonda kuti chitetezo cha galimoto chidalire waya amene akutentha. Zikuyenda kwa inu, ndavomera. Koma si njira yoti tingauze munthu wina kuti atengere.

DalaivalaWaN1:
Chabwino agogo, masamuwo ndawamva. Koma ndimaonabe kuti kwa 100Ah ndi sola, DC-DC ndi yongowonjezera.

Nachisale_Kempton:
Ndilowepo pang'ono abambo. Ine ndimagulitsa khofi ndi zakudya m'misika ya Loweruka ndi Sprinter, ndipo kwa ife a magalimoto atsopano nkhani ya solenoid palibe n'komwe. Alternator yake ndi ija amati smart, kompyuta ya galimoto ndiyo imailamula. Mukamayenda mavolti amatsika mpaka cha pa 12.5, mukachotsa phazi pa mafuta kapena kuponda mabuleki amakwera kufika pafupifupi 15. Amatero pofuna kupulumutsa dizilo. Pa 12.5 lithium siitchajika, m'malo mwake ndi iyo imene imadyetsa galimoto. Amene mukufuna kudziwa ngati yanu ili choncho, gulani kamita ka mavolti kolowetsa poyatsira fodya paja, muyende mphindi makumi awiri mukuyang'ana. Ikakhazikika pakati pa 13.8 ndi 14.4 ndi alternator wamba. Ikamavina ndi smart.

MwanaWaThyolo:
Zikomo achemwali. Yanga imakhala pa 14.1 injini ikazizira, ikatentha imatsika pa 13.8. Ndiye ndi wamba.

MakanikaWaBooysens:
Ndi wamba, koma 13.8 imeneyo ndi vuto lina. LiFePO4 ya 12V ili ndi maselo anayi, ndipo opanga ambiri amati itchajidwe pa 14.2 mpaka 14.6V. Pa 13.8, mutachotsa zotayika m'waya, lidzaza mochedwa kwambiri kumapeto, ndipo BMS zambiri, tizida ta m'kati mwa batire toyang'anira ndi kuteteza maselo, zimayamba kulinganiza maselo pokhapokha akafika pamwamba. DC-DC imachita ziwiri nthawi imodzi: imaika malire pa ma amp, komanso imakweza mavolti kufika pamene batire likufuna.

Mtchona_Randburg:
Palinso china pa solenoid zodzidulira zokha zija. Zambiri zimadula mavolti akatsika pa 12.7 kapena 12.8. Lithium ikangokhala ili pa 13.3. Ndiye mwazimitsa injini, solenoid ikuonabe mavolti okwera, siidula, mabatire awiri amakhala olumikizana usiku wonse.

ChamboChaMangochi:
Pepani kupatuka. A ku Thyolo, bwanji osadzera ku Botswana? Martin's Drift, Nata, mlatho wa Kazungula umene anatsegula mu 2021, Lusaka, Chipata, n'kulowa pa Mchinji. Mtima umakhala m'malo, mizere ndi yochepa.

MwanaWaThyolo:
Kwa inu a pakati ndi kumpoto imeneyo ndi yabwino. Ine ndikalowa pa Mchinji ndiye kuti ndiyambe kubwerera kumwera, Lilongwe, Ntcheu, Blantyre. Pa Nyamapanda, Tete, Zobue, ndikangotuluka pa Mwanza ndafika kale.

ChamboChaMangochi:
Mafuta mupulumutsa, koma kutentha kwa ku Tete mu December si kwa masewera. Kumapitirira madigiri 40. Ana azimwa madzi kwambiri.

Namaseko_Turffontein:
Ndiye pobwerera fulijiyo idzaze chambo, ife kuno tikuvutika ndi hake.

ChamboChaMangochi:
Nsomba zaziwisi pa maboda atatu? Funsani kaye malamulo a nyama ndi nsomba musanagule, angakulandeni zonse. Usipa wouma ndi umene anthu amanyamula.

Namaseko_Turffontein:
Usipa ulipo kale kuno m'mashopu a kwathu. Ine ndikufuna chambo chenicheni cha ku Malembo.

GogoWaMagetsi:
Tibwerere ku magetsi ana inu, chambo chimenecho chifunika fuliji yoyaka. Ndipo za ku Tete zija zikukhudza nkhani yathu. Alternator imadziziziritsa ndi mpweya wa m'chipinda cha injini. Pa Quantum injini ili pansi pa mipando yakutsogolo, malo opanikizika. Mpweya wa panja ukakhala madigiri 40, umene ukufika pa alternator ndi wotentha kuposa pamenepo. Kuno ku Joni tili pa mtunda wa mamita oposa 1,700, mpweya ndi wopyapyala, nawonso suziziritsa bwino ngati wa ku Durban. Zimene zimayamba kufa ndi ma diode, tizida tolola magetsi kupita mbali imodzi yokha, ndi vanishi wa pa mawaya a m'kati. Mukamva fungo ngati la pulasitiki wopserera, zachitika kale.

Kabaza_Midrand:
Ine ndinamva kuti choopsa chenicheni ndi BMS. Akuti batire likadzaza BMS imadula mwadzidzidzi, alternator n'kuphulika. Zoona?

MakanikaWaBooysens:
Pali choona, koma anthu amakokomeza. Alternator ikamapereka ma amp ambiri katundu n'kuchoka mwadzidzidzi, mavolti amalumpha kwa kanthawi kochepa regulator, kachida kolamula mavolti a alternator, isanabweze. Pa boti kapena pa galimoto imene lithium ndi batire lokhalo, kulumpha kumeneko kumapha ma diode ndi makompyuta. Koma pamene batire loyatsira injini la lead lidakali pamalo pake, limameza gawo lalikulu. N'chifukwa chake ndimauza aliyense kuti batire loyatsira lisachoke ndipo materminal ake akhale omanga bwino. Pa DC-DC nkhaniyi imatheratu, chifukwa alternator siikumana ndi lithium mwachindunji.

Kabaza_Midrand:
Nanga mabatire amene anadzaza mu 2023 nthawi ya kuzimazima kwa magetsi kuja, load shedding ya stage 6? Ambiri tinagula a inverter ya m'nyumba. Angalowe m'galimoto?

GogoWaMagetsi:
Werengani pepala lake. Onani ma amp amene BMS imalola potchaja, ndiponso ngati imadula kukazizira. Ena ang'onoang'ono a geti ndi alamu amalola ma amp ochepa kwambiri. Za kuzizira musazipeputse: LiFePO4 siiyenera kutchajidwa ikakhala pansi pa madigiri 0, maselo amawonongeka osabwereranso. Kugwiritsa ntchito kuli bwino, kutchaja ndiye ayi. Wina anganene kuti ku Africa kuno n'zosafunika, koma mu July 2023 kuno kunagwa chipale tonse tikuona. Mukagona ku Free State kapena ku Drakensberg mu June, m'mamawa n'kuliza injini, DC-DC iyamba kukankha magetsi m'batire lozizira. Ngakhale kwathu ku Nyika chisanu chimagwa miyezi imeneyo. Batire likhale m'kati mwa veni momwe mukugona, osati kunsi kwa galimoto.

MwanaWaThyolo:
Langa pepala likuti potchaja 100A, ndipo lili ndi chodulira kukazizira. Ndagonja, ndigula DC-DC. Funso tsopano ndi kukula kwake. Ndaona ya 20, ya 25, ya 30, ya 40 ndi ya 50. Mtima ukuti ya 50 kuti lizidzaza msanga.

Mtchona_Randburg:
Ya 50 pa alternator yakale ndi solenoid yomwe ija yavala jekete. Chepetsani.

Nachisale_Kempton:
Ine ndili ndi Victron Orion ya 30A. Imagwira bwino koma imatentha kwambiri, ndipo ikatentha imachepetsa yokha ma amp. Ndinaimangirira pa chitsulo cha aluminiyamu pamalo opita mphepo, osati m'kabati yotseka. Pali Orion XS ya 50A imene mumatha kuitsitsa pa foni kufika pa ma amp amene mukufuna, ndipo siitentha ngati yakaleyo. Mnzanga wa kumsika ali ndi ya National Luna, kampani ya konkuno, imene imalandiranso sola. CTEK D250SE ndi ya 20A, nayonso ili ndi polowera sola. Redarc ya ku Australia iliponso m'mashopu a 4x4. Ngati mudzaika sola mtsogolo, ganizirani zimenezi panopa.

GogoWaMagetsi:
Musayambire pa batire, yambirani pa zimene mumadya pa tsiku. Fuliji ya malita 60 kotentha imadya mwina 40 mpaka 50Ah pa tsiku. Magetsi, mafoni ndi kafani ka usiku, tinene 20 zina. Zonse 70Ah. Ndi tchaja ya 30A, maola awiri ndi theka oyenda abweza zonsezo. Ngakhale batire litatsika kufika pa 20 peresenti, 160Ah pa 30A ndi maola asanu ndi mphindi makumi awiri, muonjezepo za fuliji. Kuchoka pano kukafika ku Musina lidzakhala litatsala pang'ono kudzaza. Ya 50 mukuifuniranji?

Kumbukiraninso kuti 30A ndi imene ikutuluka. Imene ikulowa ndi yochuluka, chifukwa tchaja ikukweza mavolti ndipo ina ikutayika ngati kutentha. Alternator idzaona cha pa 35 mpaka 38A. Ya 50 idzaona pafupifupi 55 kapena 60.

DalaivalaWaN1:
Ndiye mwaona? Yanga pa solenoid ikukoka 50 n'kumatsika. Kusiyana kwake ndi DC-DC ya 50 kuli pati?

GogoWaMagetsi:
Kusiyana n'koti ya DC-DC mukuidziwa ndipo siidzasintha. Yanuyo tsiku limene batire lidzatheretu, kapena mudzaonjezere lachiwiri, kapena wina adzakusinthireni waya, nambala idzasintha inu osadziwa. Koma pa mfundo yoti 50 ndi 50 kwa alternator, mukunena zoona. N'chifukwa chake ndikumuletsa mnzathuyu ya 50.

MakanikaWaBooysens:
A ku Thyolo, musanagule chilichonse chitani izi. Kwezani mpando, muwerenge sitika ya pa alternator. Kenako bwerekani clamp meter yoyeza DC, si zonse zimene zimayeza DC ayi. Injini itenthe, iziyaka pamalo amodzi, muyatse magetsi akutsogolo, aircon ndi fani pa mphamvu yonse, wailesi, mawaipa. Muyeze pa waya wonenepa wotuluka ku alternator. Mutiuze.

MwanaWaThyolo:
Ndayeza madzulo ano. Alternator mwini wake wakale anasinthitsa, sitika ikuti 90A. Zonse zili zozimitsa ikupereka 14A. Zonse zoyatsa ikupereka 46A, ndipo mavolti atsika pa 13.5.

MakanikaWaBooysens:
Manambala amenewo ayankha okha. Pa msewu muli ndi 90, mukudya 46, kuonjezera 36 ndi 82. Ikwanitsa, koma yayandikira malire, ndipo zimenezo ndi pamene zonse zili zoyatsa. Masana opanda mvula mudzakhala kutali ndi malirewo. Poima ndiye ayi. Alternator ya 90 injini ikungolira mwina ikupereka 50 kapena 55, ndipo kutsika kwa mavolti kuja kukusonyeza kuti yayamba kale kulemedwa. Mukaonjezera 36, yotsalayo izichokera m'batire loyatsira, alternator ili pa mphamvu yonse, fani ikuzungulira pang'onopang'ono.

Ndiye ine ndikanakhala inu ndikanatenga ya 25 kapena 30, kapena yotheka kutsitsa, n'kuika switchi pa dashibodi. Tchaja zambiri zili ndi kawaya kakang'ono koyatsira ndi kuzimitsira, kena kamapita ku ignition. Mudutsitse kamene kaja pa switchi. Mukalowa mu mzere wa pa boda kapena mu jamu, dinani, tchaja igone. Batire la 200Ah lisunga fuliji masiku awiri osatchaja, silikusowa kanthu pa maola a pa bodawo. Mukatuluka pa msewu, yatsaninso.

Nachisale_Kempton:
Pa Victron mungathenso kuika pa foni kuti izidula yokha mavolti a galimoto akatsika pa mlingo umene mwasankha. Ine ndili ndi zonse ziwiri, chifukwa amene amandiyendetsera nthawi zina sakumbukira switchi.

Namaseko_Turffontein:
Nanga bwanji osangogula alternator yaikulu ya 150A?

MakanikaWaBooysens:
N'zotheka mayi, koma iyenera kukwana pa bulaketi, pulle igwirizane ndi lamba, pulagi ya regulator ifanane, ndipo waya wopita ku batire ndi fyuzi yake zisinthidwe. Ndiponso ikakufera ku Mutoko kapena ku Changara, ya Quantum wamba mudzaipeza chifukwa ma minibasi ali ponseponse. Yachilendoyo mudzadikira basi ya ku Joni ikubweretsereni.

Kabaza_Midrand:
Mfundo imeneyo ndi yolemera.

MwanaWaThyolo:
Za mawaya ndi mafyuzi bwanji? Kuchokera pa batire loyatsira kufika pamene ndikufuna kuika tchaja ndi mamita anayi.

GogoWaMagetsi:
16mm² wa kopa weniweni, wofiira ndi wakuda, musadalire bodi ya galimoto yakale imene yayamba dzimbiri. Pa mamita 8 kupita ndi kubwera, pa 36A mutaya cha pa 0.3V, zili bwino. Wa 6mm² mutaya pafupifupi 0.85V ndipo tchaja izidzangoyaka n'kuzima. Chenjerani ndi waya wotchipa wogulitsidwa pamodzi ndi ma amplifaya, wambiri ndi aluminiyamu wopaka kopa. Palani ndi mpeni, akaoneka woyera m'kati musiyeni. Waya wa makina owotcherera zitsulo ndi wabwino, ndi wofewa ndipo ndi kopa.

Mafyuzi awiri, imodzi pafupi ndi batire loyatsira, ina pafupi ndi lithium, iliyonse isatalikire kuposa chikhato chimodzi kapena ziwiri kuchokera pa terminal. Fyuzi imateteza waya, ndipo waya ameneyu ali ndi batire mbali zonse ziwiri. Kwa tchaja ya 30A pa 16mm², 60A ndi imene imagwiritsidwa ntchito kawirikawiri, koma tsatirani buku la tchajayo. Tengani zomanga ndi mabawuti, za MIDI, osati zagalasi zija, zimasungunula pulasitiki wake. Tchaja ikhale pafupi ndi lithium. Paliponse pamene waya akudutsa pa bowo la chitsulo muikepo labala. Malagi afinyidwe ndi chofinyira chenicheni, osati nyundo. Batirelo mulimange ndi malamba ku bodi, makilogalamu 20 ndi kuposa akauluka pa ngozi amapha munthu, ndipo ana anu adzakhala momwemo.

DalaivalaWaN1:
Pa mafyuzi awiri ndikugwirizana nanu kwathunthu agogo. Ndinaonapo kalavani ikuyaka pafupi ndi Polokwane, eni ake akuti waya wa batire lachiwiri anakhudza chasisi. Solenoid yanga sindichotsa, koma mawa ndikagula kamfuti koyezera kutentha ndione alternator ikufika pati pa jamu.

MakanikaWaBooysens:
Muyeze pa bodi yake kumbuyo, pafupi ndi ma diode, batire lili lotsika. Ikamayandikira madigiri 100 ndiye muganizenso za solenoid ija.

MwanaWaThyolo:
Zikomo nonse. Ndatenga ya 30A yolandira switchi, waya wa 16mm² ndi mafyuzi awiri a 60. Solenoid yakale ndichotse kapena ndiisiye ikhale yothandizira kuliza injini batire loyatsira likafa?

MakanikaWaBooysens:
Chotsani. Ikadzatseka tchaja ili mkati mogwira ntchito, yalumikiza polowera ndi potulukira, ndipo malire onse amene mwagula aja apita. Komanso sitata ya dizilo imakoka ma amp mazana, BMS yanu idzadula nthawi yomweyo. Batire loyatsira likafooka panjira, lumikizani lithium ndi majampa kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu makiyi ali ozimitsa, muchotse majampawo, kenako mulize.